Diso la Singano

Zaka makumi anayi ndakhala ndikulowetsa ulusi m'diso la singano,
poyamba pa khonde la sitolo ku Limbe,
kenako kuno ku Leicester, m'fakitale ya madiresi
momwe tinkalowa kuli mdima n'kutuluka kuli mdima.
Lero singano ikubweza ngongole:
ndiyo ikulowa m'diso langa.

Zinayamba ndi chitseko cha kukhitchini.
Chinakhota ngati msoko wa wophunzira kumene,
ndinanyoza kalipentala amene sindinamuonepo.
Kenako mapolo a magetsi mu Narborough Road anayamba kudikula,
ndipo Lamlungu lina, mdzukulu wanga Ndaziona akundithamangira,
ndinaona nsapato, ndinaona maliboni,
koma pakati, pamene pamakhala nkhope,
panali banga ngati popsa ndi simbi.

Adokotala ananditembenuzira kompyuta.
Iyi ndi retina, anatero, kansalu ka kumbuyo kwa diso.
Timitsempha tamera pomwe sitinaitanidwe,
tikudontha, kansalu kanyowa, katupa.
Ndinafunsa ngati angaike chigamba.
Chigamba palibe, bambo. Tili ndi mankhwala oletsa kudonthako,
kuti chotsalacho chitsale.
Telala amachimva chinenero chimenecho.
Malaya akale suwabwezera utsopano,
umangopinda m'mphepete kuti asapitirize kuyoyoka.

Ndiye milungu inayi iliyonse, Lachitatu,
ndimakwera basi ndi magalasi akuda m'thumba
ngakhale dzuwa la kuno lili ngati lobwereka.
Pa mpando wodikirira ndimapeza Mayi Doreen Pickering a ku Wigston,
amene alandira jekeseni makumi atatu ndi awiri
ndipo amawawerenga ngati zidzukulu.
Amandipatsa switi ya timbewu tonunkhira.
Sitikambirana za mantha.
Timakambirana za mvula, ndi mabasi ochedwa.

Namwino Harjit amandifunsa tsiku lobadwa kawiri,
n'kulemba kachizindikiro pamwamba pa diso lamanzere.
Madontho ozizira. Ena achikasu, oluma pang'ono.
Kawaya kogwira chikope kuti ndisaphethire.
Yang'anani kumwamba, chakumanja,
pomwe pali kadontho ka penti kofiira,
musasunthe.
Ndimapanikiza chala chachikulu m'chikhatho
pomwe panakhala chipsera cha sizasi,
ndimawerenga m'Chichewa: modzi, wiri,
ndisanafike pa tatu, zatha.
Sikupweteka kwenikweni. Ndi kukankha chabe,
ngati munthu akugogoda m'kati mwa nyumba yako yomwe.

Kenako timadontho takuda timasambira m'kuwala,
mbuluuli m'chithaphwi,
ndipo madzulo onse m'diso muli mchenga.

Sindingakunamizeni kuti ndachira.
Banga lija lilipobe, langochepa,
latsala ngati batani la malaya.
Mwezi watha pa bolodi ya zilembo
ndinatsika mzere umodzi kuposa kale,
ndinasokoneza ziwiri zokha,
Harjit anawomba m'manja ngati ndakhoza mayeso a fomu folo.
Adokotala akuti tiyese milungu isanu ndi umodzi,
kansalu kakauma bwino, mwina isanu ndi itatu.
Mpando wa Mayi Pickering unali wopanda munthu tsiku limenelo.
Sindinafunse. Mwina anawasinthira tsiku.

Pa firiji ndinamata pepala la timabokosi.
M'mawa uliwonse, ketulo isanawire,
ndimatseka diso limodzi, ndimayang'ana kadontho kapakati,
ndimaona ngati mizere yagona mowongoka usiku wonse.
Masiku ena inde.

Dzulo Ndaziona anabwera ndi siketi ya kusukulu yong'ambika m'thumba.
Ndinanyowetsa ulusi ndi malovu, ndinaloza,
ndinaphonya. Ndinaphonyanso.
Anatenga singano, kamodzi kokha walowetsa,
nandibwezera osanena kanthu.
Ndinasoka ndi zala, zimene zimadziwa njira popanda nyali.
Nditamaliza ndinatembenuza mutu pang'ono chammbali,
monga anandiphunzitsira,
kuti banga lichoke pankhope pake,
ndipo ndinaona kuti dzino lakutsogolo lagweluka.
Palibe amene anandiuza.
Ndinaliona ndekha.