Mizere ya Phulusa

Buku la timu lidadyedwa ndi chiswe
chaka chomwe denga la ofesi lidagwa,
ndiye ofuna mbiri amadzaima pano pakona
pomwe ine Kalisito ndimathira phulusa Loweruka m'mawa,
chitini chobooka m'manja, msana wopindika ngati ngowe.

Tidayamba khumi ndi atatu,
onyamula matumba a mbatatesi pamsika wa Ulongwe.
Mpira udali umodzi, wosoka Bonifasiyo wansapato,
magolo adali nsungwi ndi chingwe cha luzi.
Dzina tidakanganirana mpaka kudada;
kutang'anima cha ku phiri la Domwe
wina adati, basi anthuni, Mphezi.

Majezi adatuluka m'belo la kaunjika,
obiriwira, onunkha mankhwala a njenjete,
pachifuwa chimbalangondo ndi dzina la katauni ka ku Ulaya
la zilembo zochuluka kuposa mano m'kamwa.
Palibe adalitchula bwino. Tidangovala.
Manja ake adali aatali, osokera chisanu;
tidadula ndi lezala,
zotsalazo Mayi Anastaziya adalumikiza mbendera.

Nambala seveni idali ndi chigamba paphewa,
ulusi wofiira, kasokedwe ka munthu wosathamanga.
Zakeyu adakana kuisinthanitsa ndi aliyense.
Ankati kumeneko kulinso wina
amene amadikira mwamuna wake kubwera ndi matope.

Kenako nkhondo.
Goloboyi wathu Jeremiyasi adatengedwa usiku wopanda nsapato.
Enafe tidawoloka malire kulowa ku Dedza,
majezi ali m'thumba la feteleza
lomwe Anastaziya adabereka ngati khanda.
Kumsasa tinkasewera ndi ana a eni dziko,
tikachinya osakuwa kwambiri,
paja mlendo savina mopitirira mwini gule.

Titabwerera, bwalo lidali tsekera kulekeza m'chiuno.
Adatsogola anthu a zitsulo zolira, ofufuza mabomba,
ife pambuyo ndi zikwakwa, kuponda pomwe aponda iwo.
Tidawerengana: asanu ndi awiri.
Pagolo padaima mng'ono wa Jeremiyasi,
m'manja atavala masokosi.

Chaka chokoma chidali chimodzi.
Tidatsikira ku Tete pa lole ya fodya,
kuwoloka mlatho wa Zambezi,
dzuwa lakumeneko likutsina ngati mwini ngongole.
Dumingu adachinya ndi mutu oimbira atayang'ana kale wotchi.
Chikho chake chilipo kunyumba kwa msungichuma,
amasungiramo misomali.

Kudabweranso bwana wina wa galimoto yoyera,
ndalama za malasha, malipiro m'maenvulopu,
mphunzitsi wochokera ku Beira wa wezulo yasiliva.
Anyamata adayamba kusaina mapepala,
kukana lole, kufunsa za matiresi.
Malasha atatsika mtengo foni ya bwana idangozima.
Odziwa mpira adalowera ku Moatize, ku Songo, wina ku Lilongwe;
ife tidatsala ndi ngongole ya laimu kwa Senyoro Fulujensiyo,
n'chifukwa chake ndidabwerera ku phulusa.
Amandisungira amayi ophika mandasi.

Mwezi watha mdzukulu wanga adalemba pafoni
dzina lija la pachifuwa, chilembo chimodzichimodzi.
Akuti timu yake idatha kalekale,
pabwalo pawo amaimikapo magalimoto.
Ndidakhala chete, chitini chikudontha paphazi.
Mwina kuli nkhalamba ina kumeneko, yofunda bulangete,
yosadziwa kuti nambala seveni yawo
idagona kumsasa wa othawa nkhondo,
idathamanga pa dzuwa la ku Tete mpaka kuyera mchere,
idatsagana ndi Zakeyu kumanda n'kubwerako,
ndipo lero ndi iyi ndamanga kumutuyi.

Sunthani pang'ono, mukufufuta mzere.
Ana a Mphezi alowa thuu koloko
ndipo mbali ya kumadzulo sindinathire.