Chifuwa Sichilembedwa

Nsanjika yachisanu ndi chinayi, ku Marshalltown.
Ndine womasulira. Amandilipira pa ola.

Pa sikirini pali a Layisoni Kathumba,
akhala m'kachipinda ka khoti ku Ntcheu,
jekete lobwereka, Baibulo m'dzanja lamanja.
Kalata yopempha umboni wawo inayenda miyezi khumi,
kuchoka kwa jaji wa kuno, kukagona ku Pretoria,
kukaiwalika ku Lilongwe m'dirowa
ya bwana amene anapita kumaliro.
Eni akewo, ali mnyamata,
Wenela inawafikitsa ku Joni masiku atatu okha.

Loya wa kampani, Mayi Oosthuizen, sakweza mawu.
Mgodi uti? Chaka chanji? Nambala yanu?
Nambala aitchula osapunthwa,
ngati dzina la mwana wawo woyamba.
Zaka ndiye zinathawa.
"Chaka chomwe thanthwe linagwera Dimasi."
Ndimasulira.
Mayiwo akuti limenelo si yankho.

Kenaka loya wa odandaula, Mokgatle, aitanitsa bokosi 212,
mmene muli zithunzi za mapapo
zomwe dokotala wa pamgodi ankajambula chaka ndi chaka.
Akuti bokosilo linapita ku London.
A ku London akuti ndi chinsinsi cha maloya.
Tsamba limodzi lomwe anatulutsa
alipaka inki ngati mphika wa pamafuwa,
mwangotsala deti, ndi liwu loti fumbi.

Akangana mphindi makumi anayi,
ndime yakuti, lamulo lakuti, tikaonana kwa jaji.
Tiyi wazizira m'makapu.
Mkangano sandilipira kuti ndimasulire.

A Kathumba asendera pafupi ndi kamera,
nkhope yadzaza khoma lonse.
"Mwanawe, akulimbirana ine kodi?"
Ndinalumbira m'mawa kuti pakamwa panga ndi pobwereka.
Ndingoyang'ana pa tebulo.

Ndiye chiwayamba.
Chochokera pansi, kumene zikepe zinkawatsitsa,
chouma, chokhala ngati fosholo ikupala mwala.
Mphindi yathunthu.
Mtsikana wolemba mawu waimika zala m'mwamba,
akuyang'ana ine
ngati chifuwacho nachonso chili m'Chichewa.
"Tayamba taima kulemba," atero Mayi Oosthuizen,
mwaulemu ndithu.

Atapeza mpweya, mkuluyo amasula batani,
aloza pamtima ndi chala chopindika:
"Muwauze asavutike ndi ku London.
Chithunzi akuchifunacho chili muno,
abwere adzatenge ndisanapite nacho."

Nditsegula pakamwa.
Magetsi azima ku Ntcheu.
Chala chauma pa sikirini, kenaka mdima.

Agwirizana msanga, koyamba lero:
tidzapitiriza mu Malichi.

Pawindo, kumwera, milu yachikasu ya dothi la m'migodi
ikufuka pang'onopang'ono ndi mphepo ya Ogasiti.
Ndilemba maola atatu pa invoisi.
Mu takisi ya ku Rosettenville
ndanyamula chiganizo cha munthu m'kamwa,
chomasulira kale,
chopanda woti ndimupatse.