Ayisi wa ku Bangula

Ndimamugula kwa Mayi Fulukiya kuseri kwa chigayo,
chibuma chimodzi chokulunga m'thumba la shuga,
kenaka ndimapalasa ngati ndaba.
Okutobala wa ku Bangula sacheza ndi munthu.
Phula lafewa, mbuzi zabisala pansi pa ngolo,
ine ndamanga chisanu pakaliyala
ndipo chikulemba mzere wonyowa kumbuyo kwanga.

Anzanga amagula kuti mlamba ufike ku Limbe usananunkhe.
Ine ndimagula kuti ndingomuyang'ana.
Mayi Fulukiya amagwira pakamwa:
"Mwanawe, ndalama zako zikudontha."

M'chipinda ndatchinga zenera ndi bulangete.
Tochi kumbuyo kwa ayisi, beseni pansi,
kamera pamiyendo yake itatu,
mphuno yake pafupi ngati ikufuna kununkhiza.
Pafupi chonchi diso la kamera ndi laumbombo:
limakupatsa kamzere kamodzi, kopyapyala ngati tsitsi,
zotsalazo nkhungu yokhayokha.
Ndiye ndijambule,
ndipotoze mphete pang'ono, pang'onong'ono,
ndijambulenso.
Mpweya ndausunga pachifuwa.
Thukuta lafika pachibwano, likudikira chilolezo.

Tchale, mwana wa mlongo wanga, amawerenga monong'ona.
Khumi ndi ziwiri. Khumi ndi zitatu.
Lole ya thonje yadutsa kumsewu, nyumba yanjenjemera,
tayambanso pa chimodzi.

M'katimo muli dziko losadziwa dzina lake.
Timathovu tandanda ngati mazira a chule,
mng'alu wang'anima nkugawika patatu,
singano zoyera zonse zaloza pakati,
ndipo apo, chakumanzere, bamba limodzi la nsomba
limene palibe analiitana.
Thee! Wasweka penapake.
Mubeseni tho, tho, tho.
Pofika pa makumi anayi
ayisi amene ndinayamba naye kulibe,
ndikumaliza ndi mng'ono wake.

Usiku magetsi akakumbukira kwathu
laputopu imasanja zonsezo chimodzi pamwamba pa chinzake,
kutola pachilichonse pokhapo pamene panaoneka bwino
nkusoka ngati mphasa.
Chotulukacho chili mbee kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.
Diso langa silinachionepo.
Palibe mphindi imene chinakhalapo chonse pamodzi.

Lachinayi ndinakawaonetsa pafoni.
Anapukuta manja pachitenje, nabisa foniyo ku dzuwa.
Chigayo chinalira, chinaleka, chinaliranso.
"Kuno ndi ku Makhanga," anatero.
"Mmene kunkaonekera tili m'mwamba,
tsiku lija anatinyamula pa helikopita.
Uyu ndi Ruo, wasiya njira yake.
Toyerati ndi malata.
Apa panali mtengo wa mango, tinagonamo kawiri,
ine, apongozi ndi nkhuku imodzi."

Ndinafuna kuwauza kuti ndi mpweya chabe
wotsekeredwa madzi akaundana mofulumira.
Mawu anasungunukira pakhosi.

Anatambasula chithunzi ndi zala ziwiri,
kukoka, kukoka, mpaka chinathera m'mphepete,
pakuda.
"Ukanasuntha chakuno pang'ono
ukanapeza pakhomo pathu.
Panali mnyamata pamenepo, wamsinkhu wa uyu wako wowerenga."

Munthu anabwera kudzagula wa nsomba, anamugulitsa.
Anawerenga chenji kawiri.

Madzi a mubeseni aja ndinali nditathirira kale tsabola.
Makumi anayi onse ndikadali nawo,
chilichonse ndi kamzere kake koona
ndi nkhungu yake yambiri.
Usiku uno ndatsegula chimodzichimodzi
kufunafuna chakumanzere, kupyola bamba lija,
kumene sindinalozeko kamera.

"Mawa ulawire," anandikuwira ndikukwera njinga.
"Ndikusungira wapansi penipeni.
Ameneyo sasungunuka msanga."