Zimene Ndimabweretsera Atate Madzulo

Ku Bunaken khoma la korali limatsika mpaka kumdima,
ndipo ine, Meiske, mwana wa a Makagansa,
ndimatsika nalo kawiri pa tsiku,
thanki ya mpweya kumsana, kamera pachifuwa,
alendo anayi pambuyo panga ngati anapiye.

Tisanadumphe m'boti ndimawalangiza:
pindani manja monga muli m'tchalitchi.
Mapazi anu asasese pansi.
Nsomba ikakulozetsani mchira,
yankho lake ndi lomwelo, musaithamangitse.

Mtundu ndi wabodza pansi pano.
Kufiira kumatsala kumtunda, sikudziwa kumira,
magazi omwe amaoneka obiriwira.
Choncho yambani ndi thupi: lathyathyathya kapena lobulungira?
Kenako kamwa. Kenako mchira, wamphanda kapena wodula.
Kepe-kepe amayenda awiriawiri, mwamuna ndi mkazi,
ena anajambula diso lonama kufupi ndi mchira
kuti mdani alume kolakwika.
Kakatua mudzamumva musanamuone,
khukhuru, khukhuru, akukukuta mwala ndi mlomo wa chinkhwe,
ndipo mchenga woyera umene mumagonapo masana
unadutsa m'mimba mwake.

Lachiwiri lapitali, mlendo wina, Wiebe,
kamera yake yodula kuposa denga lathu,
anapeza goropa ali phee m'phanga.
Anandikodola, naloza kandodo kanga kachitsulo:
mutokose atuluke.
Ndinapukusa mutu, thovu langa likukwera pang'onopang'ono.
Anamuthira chiphaliwali kasanu m'maso,
ndinaika chikhato changa patsogolo pa galasi.
Titakwera m'boti anati, ndalipira ine.
Ndinati, mwalipira mafuta ndi mpweya, bambo.
Goropa sanalandireko kanthu.
Sanandilankhulenso mpaka kudoko,
koma nthochi yokazinga anadya ziwiri.

Atate ali ndi zala zitatu kudzanja lamanja.
Zinazo zinapita ndi botolo la mowa
lodzaza feteleza ndi chingwe chachifupi,
ine ndisanabadwe.
Amati nyanja inkagunda kamodzi, phuu,
kenako nsomba mbuu pamwamba, mimba zoyera,
ndipo zomira pansi zinali zochuluka kuposa zotola.
Malo amenewo ndimawadziwa.
Ndi bwinja la miyala yosweka, lotuwa ngati phulusa,
alendo sindipita nawo.
Sukulu yanga analipira ndi ndalama zomwezo,
ndiye mawu anga amathera pakhosi.

Madzulo ndimakhala nawo pakhonde, mchere udakali m'tsitsi,
n'kuwapatsa kamera.
Buku langa lili ndi mayina aatali a Chilatini,
iwo ali ndi awo:
iyi imakoma ndi tsabola, iyi minga zokhazokha,
iyi imabwera mwezi ukakhala mdima,
iyi amayi ako ankaikana.
Sanaionepo ndi imodzi yomwe ikuyasamula,
kapena itaima chilili, makha ali yasa,
kansomba kamizere yabuluu kakuitsuka mano.
Amaseka. Amati, kodi zimakhala ndi asing'anga?

Dzulo ndinakumana ndi maming.
Wamkulu ngati chitseko, chipumi chotupa,
milomo ya munthu amene wamva nkhani zambiri.
Sindinamutsate. Ndinazimitsa nyali,
ndinalendewera m'madzi osagwira kanthu,
kupuma mowerenga, mpweya ukutha m'thanki,
mphindi khumi ndi imodzi.
Anazungulira, nabwera yekha,
diso lake likutembenuka kundiyeza,
ndipo chala changa chinanjenjemera.

Chithunzi chinatuluka chambuu.
Theka la nkhope, mchira palibe,
palibe magazini ingachigule.
Ndinkafuna kuchifufuta.

Atate anagwira dzanja langa.
Anachiyang'ana nthawi yaitali, udzudzu ukuwaluma osaumva,
kenako anaika chitsa cha chala pagalasi
mofatsa, ngati pamphumi pa mwana wodwala.

Alipobe? anafunsa.
Ndinati, alipo.
Khutu lawo lakumanja linafa tsiku la botolo lija,
ndiye ndinazungulira mpando,
n'kunenanso kukhutu linalo.