Mbali ya Batani

Bambo anga a Namakhwa, telala wa pakhonde pa Chinamwali,
sankasokoneza mbali ya batani.
Kumanja n'kwa mwamuna, kumanzere n'kwa mkazi,
ankatero ataluma singano,
phazi likupalasa makina ngati akukwera chitunda cha ku Chawe.

Ndidawafunsa chifukwa chake.
Adandiyankha katatu, pa zaka zitatu zosiyana.

Koyamba adati n'za nkhondo:
msilikali amasolola lupanga ndi dzanja lamanja,
malaya asamukole.
Apo n'kuti akuika chigamba pa thalauzi
la kopolo wina wa ku balaki
amene sadalipire mpaka lero.

Kachiwiri adati n'za bere:
khanda kumkono wamanzere, lamanja limasule.
Amayi adaphulika nacho chikhakhali, simbi ili m'manja:
Ine ndayamwitsa asanu,
batani lidandithandiza liti?

Kachitatu panalibe woseka.
Mvula inali itatsekereza makasitomala kutsidya kwa msewu.
Adati: Mayi anga ine ankagwira ntchito kumtunda uko,
m'nyumba za njerwa zobisala m'mitengo m'tsinde mwa phiri.
M'mawa uliwonse ankamanga mabatani a dona,
khumi ndi anayi, ang'onoang'ono ngati maso a usipa.
Dona ankangoima, chibwano m'mwamba, maso ali pawindo.
Akuti chovalacho adasokera womanga, osati wovala,
kuti batani ligwere kudzanja lamanja la wantchito.
Madona adapakira katundu,
likulu nalo lidasamuka,
koma batani lidatsala pomwepo.

Ndiye musokeranji choncho? ndidafunsa.
Adangodula ulusi ndi mano.

Kenaka kudabwera kaunjika.
Makina adayamba kugona masana, atafunda chitenje.
Ine ndimwe, mwana wa telala,
ndidakatsegula belo langa mumsika waukulu,
ndipo posankha sindinkayang'ana n'komwe:
chala chokha chinkandiuza,
uyu mulu wa abambo, uwu wa amayi.

Juni uno chiperoni chatsika phiri
mpaka kulowa m'mawindo a wodi ya amuna.
Bambo akhala pamphepete pa bedi,
dzanja lamanja lili pantchafu ngati nsalu yoiwalika.
Akuyesa ndi lamanzere.
Batani likuwapulumuka ngati njere ya papaya.
Akuyesanso.
Gadiyani wa bedi linalo watembenukira kukhoma, mwaulemu.

Ndagwada kutsogolo kwawo.
Ndimati zala zanga zisochera,
poti malaya a mwamuna ndidangowagulitsa, sindidawamangepo.
Koma taonani:
kumanja kwawo ndi kumanzere kwanga.
Ndikawayang'ana maso ndi maso
malaya awo asanduka bulauzi yanga,
zala zikungoyenda njira yake ya m'mawa uliwonse,
ngati mapazi opita kumpopi kusanache.

Akununkha sopo wa mtanda ndi mafuta a makina,
ngakhale makinawo sadawakhudze chichokere Epulo.
Chifuwa chawo chapepuka.
Batani lachitatu ndi lachilendo, lobiriwira,
adasokerera okha ndi ulusi wakuda, mitanda inayi.

Ndafika pansi, kabowo kamodzi katsala pakamwa yasa.
Ndalumpha limodzi kumtunda.
Kolala yapendekeka ngati pakamwa pawo.

Ndimati tingozisiya, kukuzizira,
phala likupola, adokotala ali bedi lachiwiri.
Koma chala chawo chamanzere chagogoda padzanja langa,
kawiri,
monga ankagogodera patebulo ndikakhotetsa mpendero.
Masula.
Yambanso.

Ndikuyambanso, kuchokera pakhosi.
Iwo akweza chibwano, maso ali pawindo,
kumene phiri lafunda nkhungu mpaka m'chiuno.
Lilime likuwalemera, mawu akutuluka chokwawa,
ndasendeza khutu.

Esinati,
ndasanduka dona.

Ndaseka mpaka misozi yagwera pamalaya.
Atsala awiri,
ndipo sindikufulumira.