Dengu Lopanda Kanthu

Loweruka masana, chiperoni chikameza phiri
n'kungotisiyira tsinde lake,
timasonkhana m'holo ya kuseri kwa msika wa Chitakale,
ija ya zenera lotseka ndi katoni.
Timakwana khumi ndi asanu ndi awiri,
kupatula kukagwa maliro kapena ganyu.

Lustiya, mwana wa a Namakhwa, amene anakaphunzira zisudzo ku tauni,
tsiku loyamba anati tivule nsapato.
Enafe tinalibe chovula, tinangoseka.
Anati, ikani dzanja pamchombo,
kokani mpweya mpaka ufike pamenepo.
Zaka makumi anayi ndili kupuma
osadziwa kuti ndimapuma theka.

Mawu anga ndinawazoloweza kukhala pansi,
ngati tiyi amene timamudulira m'chiuno
kuti asadzakumbukire kuti ndi mtengo.
Lustiya anati, Mayi Muhiwa, kwezani.
Ndinakweza.
Analira ngati chitseko cha dzimbiri,
mwana wa Bitoni n'kubisa nkhope m'malaya.
Kwezaninso, anatero.

Sabata yachinayi tinayamba sewero lathulathu.
Nkhani sitinakaifune kutali: sikelo.
Aliyense anali nacho chonena za sikelo,
ngakhale Dafita wa kabaza, amene sanathyolepo tsamba n'limodzi lomwe.
Nyimbo inabadwira pachigubu cha mafuta,
mzere uwu wa Esinati, uwo wa mlonda wa kufakitale,
pakati pake mawu awiri a Chilhomwe
amene ana athu amawatchula ngati akutafuna mwala.

Ndiye tsiku lina pakhomo panaima a Mulipa,
kapitawo wathu weniweni,
ambulera yothyoka m'manja, ati akungousa mvula.
Holo yonse zii.
Chigubu chinalekera panjira.
Lustiya, poti sankawadziwa, anati,
Bambo, tikupereweza munthu mmodzi, berekani dengu ili.
Ine anandipatsa chipewa ndi cholembera.

Dengulo munalibe kanthu.
Koma iwo anawerama nalo,
mawondo akunjenjemera pamtsetse umene panalibe,
akupewa nyerere zimene ife tokha timazidziwa,
zala zikudumphadumpha m'malere,
masamba awiri ndi nsonga, masamba awiri ndi nsonga,
liwiro loposa langa.
Sindinkadziwa kuti nawonso anayambira m'mizere,
ali kamnyamata, chaka chimene mayi awo anagona osadzukanso.
Anatiuza pambuyo pake, akumanga nsapato.

Anafika pamaso panga.
Ndinayang'ana sikelo yathu ya katoni, muvi wake wojambula ndi makala.
Ndinati, Anyowa masambawa, ndichotsapo makilo atatu.
Mawuwo anachokera pamchombo penipeni
n'kukagunda malata.
Iwo anayasamula, poti mawu oti ayankhe tinali tisanawapatse.
Anangoti, Bwana, ana kunyumba.

Palibe anaseka.
Mvula yokha ndiyo inkaomba m'manja padenga.

Lolemba m'mawa, mzere wautali pansi pa bulugamu,
mapepala apulasitiki m'chiuno, mapazi ozizira,
dengu langa pangowe, muvi weniweni ukugwedezeka.
A Mulipa sanandiyang'ane.
Anachotsa ya madzi monga mwa masiku onse,
kaya awiri, kaya atatu, sindinaonetsetse.
Koma akulemba m'buku ndinamva, chapansipansi, cham'mphuno,
nyimbo yathu ija,
akuiphonya pomwepo pamene timaiphonya tonse.

Esinati ananditsina pamsana. Sindinacheuke.

Sewero tidzalionetsa mwezi wa mawa,
pabwalo la sukulu, mvula ikalola,
kulowa ndi chilichonse, nanazi kapena nandolo wa m'mbale.
Sitinagwirizanebe mathero ake.
Dafita akufuna sikelo ithyoke.
Mlonda akuti zimenezo sizichitika, tisanamize anthu.
A Mulipa akuti Loweruka likudzali
abwera ndi patapata, zosavuta kuvula.

Ine ndikuloweza mawu anga m'munda,
pakati pa mizere, nkhungu isanachoke,
dzanja limodzi patsamba, lina pamchombo.
Dzulo ndinaiwala n'kukweza,
anthu atatu anaweramuka.