Mzere wa M'mtondo

Lolemba akubwera a ku ofesi ya njanji
kudzawerenga mawindo, maswichi ndi makiyi,
kudzaona ngati nyumba yawo ndaibweza
monga anatipatsira.
Katundu ndamanga kale, mbale zili m'katoni ya sopo.
Chatsala ndi mzere uwu
wachikasu, m'mtondo wa chimbudzi chogejemula,
pomwe madzi amalekezera.

Madzi a kuno ku Salima ndi achinyengo.
Amatuluka pampopi ali mbee ngati osalakwa,
koma funsani ketulo.
Dontho lililonse limasiya kamchere kake
mpaka nkhoko yoti chikhadabo chimabwerera.

Abiti Sumani anati thirani kokakola agone momwemo.
Ndinathira. Kutacha zinathokoza ndi nyerere zokha.
Mnyamata wa pahadiweya anati asidi wa batire, mayi,
mphindi ziwiri basi.
Ndinayang'ana manja anga. Ndili nawo awiri okha.

Ndiye ndatseka madzi kuseri,
ndakapa otsalawo ndi kapu yoduka chogwirira
mpaka pansi paoneka,
ndanyika nsanza mu vinega
n'kuziyala pamzerewo imodziimodzi ngati mabandeji.
Kuyala mabandeji ndimatha.
Miyezi isanu ndi iwiri ya bala la shuga
inandiphunzitsa popanda satifiketi.
Nsanza ina ndi mkono wa yunifolomu yako, Lufeyo,
batani likadalipo.

Pali mzere wachiwiri, wofiirira,
wotsika kuchokera m'mphepete,
njira ya dontho la m'thanki.
Umenewu ndi wako.
"Loweruka ndigula washala."
Loweruka linkabwera ndi mpira pawailesi,
ndi maliro ku Kaphatenga,
ndi bawo pansi pa mtengo wa nimu kwa aMkwapatira,
ndipo usiku, iwe uli mkonono,
tho
tho
zaka khumi ndi zinayi.
Ndinakunena kwa mlongo wako.
Ndinakunena ngakhale kwa abusa, moseka.

Mmawa ndachotsa nsanzazo.
Soda wophikira therere, mandimu atatu a kwa aneba,
thovu likuti fwaa, kununkha mpaka m'maso.
Mwala wopalira ming'alu ya kumapazi
ndaunyowetsa kaye kuti usakande,
ndagwada.
Isanakwane seveni koloko thukuta layamba kale kulowa m'khutu.
Nkhoko ikugonja pang'onopang'ono,
ikusweka ngati chigoba cha dzira,
tizidutswa tikutsalira m'zala.
Chaka chomwe Ndaziona anabadwa chili pansi penipeni,
n'cholimba kuposa zonse.
Chaka cha bala chili pamwamba,
chachoka ndi kupukuta kumodzi.

Sitima ya katundu yadutsa, galasi la pawindo lanjenjemera.
Sindinaweramuke.

Masana ndabwerera kuhadiweya.
Washala ndi kanthu kakuda, kopepuka,
kochepa kuposa chitsekerero cha botolo,
mtengo wake wosafika mulu wa tomato.
Ndaika ndekha ndi pulayala yako.
Madzi a tiyi asanawire, ndamaliza.
Ndinafuna kuseka. Ndinakhala pachivundikiro
pulayala ili m'manja
mpaka ketulo inauma.

Tsopano mtondo uli mbuu,
a ku ofesi adzachonga m'kabokosi kawo,
wobwera kudzalowa sadzadziwa
kuti muno munagonapo anthu.
Madzi adzayambanso naye, sachedwa kupeza pogwira.

Usiku womaliza ndayala mphasa pabalaza.
Makatani ndachotsa, getsi la kusiteshoni likulowa lonse.
Nyumba ili zii.
Udzudzu umodzi, galu kutali,
koma nyumbayo ili zii,
ngati munthu amene wakwiya nane.
Ndatembenukira kukhoma, ndatembenukira kukhomo.

Cha m'ma thu koloko ndadzuka osayatsa nyali,
ndapapasa mpopi wa pasinki,
ndaupotoza pang'ono chabe,
pang'ono kwambiri,
n'kubwerera pamphasa kukadikira.

tho